Nyumba ya mdindo kupitirira pa Madisi

Minibasi yathu inafera kupitirira pang'ono pa Madisi, pamsewu wa M1, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Kondakitala anali atatolera kale ndalama zonse za ku Kasungu, ndipo zobweza sanafune kuzimva n'komwe. Musamalipire yonse musanafike kumene mukupita, abale.

Mayi wina wa nyumba yapafupi anatiitana. "Bwerani pakhonde pano ana anga, mupsa ndi dzuwa." Anatipatsa thobwa osalipiritsa. Nditalowa kukabweza chikho ndinaima kaye. M'katimo munali mozizira ngati madzi a mumtsuko, chonsecho denga ndi la malata.

Amene anamanga nyumbayo ndi mwana wawo, mmisiri. Makoma ndi a mdindo, uja agogo athu ankasinja dothi lonyowa pang'ono pakati pa matabwa. Iye anangosinthako zingapo. Pansi anayala maziko a miyala ndi simenti kuti chinyontho ndi chiswe zisakwere. Khonde analitambasula kuzungulira nyumba yonse, mvula isamamenye khoma. Kunsi kwa malata kuli siling'i ya nsungwi zoluka, ndipo pakati anasiya mpata woti mpweya wotentha uzitulukira. Madzi a padenga amatsikira m'thanki, magetsi ndi a sola.

"Achimwene, khoma lokhuthala limamwa kutentha masana, n'kumakutulutsa usiku," anatero mmisiriyo akulimenya ndi chikhatho. "Apa sipanapse mtengo ngakhale umodzi."

Mawu amenewo anandikhudza, poti njira yonse kuchokera ku Lumbadzi ndinkangoona mauvuni a njerwa ndi zitsa. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, koma pa nyumba zathuzathu tikuotchabe. Chimandiwawa n'choti dothi timalitenga ngati chizindikiro cha umphawi. Munthu akagulitsa fodya amagwetsa mdindo wa makolo ake, n'kumanga nyumba ya mawindo ang'onoang'ono yosagoneka m'chilimwe. Chonsecho Francis Kéré, katswiri wokonza mapulani a nyumba wa ku Burkina Faso, yemwe anamanga sukulu ya dothi kwawo ku Gando, analandira mphoto ya Pritzker, yapamwamba padziko lonse pa ntchito imeneyi, mu 2022.

Mmisiriyo anandichenjeza kuti si dothi lililonse. La makande limang'ambika likauma, limafuna kusakaniza ndi mchenga, ndipo mdindo sumangidwa m'dzinja.

Ku Kasungu tinalowa kutada, pa lole ya chimanga, titalipiranso kachiwiri.