Mkaka sukokedwa ayi

Lero ndiye ndowa yalira. Masiku atatu ndakhala ndikunyonyomala pansi pa ng'ombe kuno ku Namwera komwe ndili pa atachimenti, kuphunzira ntchito ndi manja kuchokera kusukulu, dzanja kuchita dzanzi, mkaka osadzaza ngakhale kapu ya tiyi. Dzulo inandikwapula ndi mchira kumaso kenako n'kuponda m'ndowa, madala amene amaweta ng'ombezi akungondiyang'ana chamseri.

Zotsuka bere ndi madzi ofunda, kupukuta, kukamira madontho oyamba pambali kuti tione ngati muli zibuma za mastitis, matenda otupitsa bere, zimenezo tonse tinalemba pamayeso, ndisakutayitseni nthawi. Vuto langa linali loti ndinkakoka. Madala aja m'mawa uno anangogwira dzanja langa n'kunena kuti, "Achimwene, mukukoka ngati mukutunga pachitsime. Tsekani kumtunda kaye."

Basitu. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zizungulire nsonga pamene yalumikizana ndi bere, zitseke njira. Mkaka umene watsekeredwa m'nsongamo ulibenso kothawira, ndiye zala zitatu zotsalazo zifinye motsatizana, kuyambira chapakati kutsikira ku kakang'ono. Kenako kumasula kuti idzazenso, kutsekanso, kufinyanso. Zili ngati kapulasitiki ka firizi kosungunuka: ukafinya pakati osagwira kumtunda, madzi amabwerera m'mbuyo. Masiku onsewa ine ndinkabwezera mkaka m'bere, kwinaku ndikupweteka ng'ombe ya eni.

Nditangogwira bwino, ndi pamene za m'kalasi zija za oxytocin, mchere wa m'thupi umene umatsitsa mkaka, zinayamba kumveka. Mkaka wambiri umakhala m'timatumba ting'onoting'ono m'kati mwa bere, ndipo sutsika mpaka ng'ombe itakhazikika mtima. Ukatsika uli ndi mphindi 5 mpaka 8 zokha. Ine mphindi zimenezo zinkathera kulimbana ndi nsonga imodzi. Ndiponso ng'ombe ikaopa kapena kumva kuwawa, adrenaline, mchere wa m'thupi wotuluka ndi mantha, amatsekereza zonse. Ng'ombe za pano n'zachikuda, za mtundu wa Malawi Zebu, ndiye madala amayamba amasula kathole kayamwe pang'ono, n'kukamangirira pafupi ndi mutu wa make. Nsonga zimachita kufufuma ukuona.

Kwa ine kukama ndi dzanja lonse ndiye kukama, zinazo n'kuzunza chiweto. Amene amapinda chala chachikulu n'kumadinikiza nsonga ndi mfundo ya chala aja ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawaletsa kulowa m'khola.

Chikundiwawa n'choti kusukulu aphunzitsi anajambula bere pabolodi, mivi mbali zonse, tinaloweza mayina, koma mawu awiri oti "tsekani kumtunda" sanatuluke. Pa pulakitiko tinali gulu lonse pa ng'ombe imodzi, aliyense kugwirako kamodzi, belu n'kulira. Ndiye atachimenti yake ya sabata ziwiri, yoyamba ikutha ndisanayambe n'komwe kukama ndi manja onse awiri. Lamanzere likadali ngati la munthu wina.

Koma pali china chandisokoneza. M'kholamo muli ng'ombe yofiira ya nsonga zazifupi kwambiri, zala zanga zinayi sizikwanapo. Madala amaikama ndi zala ziwiri, kutsetsereka kutsika, njira yomwe ija m'manotsi tinalemba kuti ndi yongomalizira madontho otsiriza. Ng'ombeyo ili phee, ikubzikula, bere lake lilibe chilonda. Ndinafuna kuwafunsa koma ndinachita manyazi, munthu wongodziwa kukama lero lomwe. Kaya ndi dzanja lawo lazolowera, kaya ng'ombeyo ndi yopirira chabe. Andiuza kuti mawa yofiirayo ndiikame ine.