Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nyumba ya pa WhatsApp

Mwandikakamiza mokwanira, ndiye tiyeni tipitirize. Koma choyamba, inu amene munalemba kuti ndinathawa pa famu ku Israel: sindinathawe. Amene anabwezedwa mu 2024 chifukwa chosiya minda n'kukagwira ntchito kwina ndi ena. Ine ndinamaliza kukolola tsabola, ndinatsanzika kwa bwana, tikiti ndinagula ndekha. Amayi shuga inali itawapanikiza, monga ndinakuuzirani gawo lapita lija.

Za ku Arava, dera la ku Israel kumene kunali famuyo, sindibwerezanso. Kudzuka kusanache, kuphika thukuta mu greenhouse, Lachisanu madzulo kuli zii chifukwa cha Sabata. Zaka zinatha choncho.

Ndinadzera ku Addis Ababa n'kutera pa Kamuzu International Airport masana. Achemwali ndi alamu anabwera kudzandichingamira. Msewu wonse wa M1, kuchoka pa Lumbadzi mpaka pa Mponela, alamu ankangokamba za mizere ya mafuta ndi mtengo wa fetereza. Ndikafunsa za nyumba imene malume ankandimangira, achemwali ankayang'ana pawindo.

Mukuwakumbukira malume aja ndinkawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi? Aja ankanditumizira zithunzi za nyumba ya malata atsopano, mafelemu opaka utoto wobiriwira, ine n'kumaonetsa anzanga a ku Thailand monyadira? Nditapatsa moni amayi sindinakhale pansi, ndinathamangira ku puloti. Khoma linalekera m'mawindo. Pamene pankayenera kukhala pabalaza panali patamera chisoso, mbuzi ya aneba itamangidwa pomwe ndinkati ndidzaika kama wa amayi. Njerwa zam'mwamba zinali zitayamba kusungunuka ndi mvula. Ndinatulutsa foni, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana khoma, kuyang'ananso chithunzi. Kuseri kwa nyumba ya pachithunziyo kunali mtengo wa mango. Pa puloti yanga palibe mtengo uliwonse. Miyendo inalefuka, ndinangokhala pa mulu wa mchenga wouma gwaa, chikwama chidakali kumsana, tizikwangwani ta ndege tikulendewera. Ana anandizungulira kudikira maswiti a kunja. Misozi sinatuluke, chinangondigwira pakhosi.

Malume anabwera madzulo. "Mphwanga, zinthu zinadula. Kwacha inagwa, simenti sikugwirika." Zoona, Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mwezi womwe gulu loyamba la achinyamata 221 linanyamuka kupita ku Israel. Koma ine ndinapita pambuyo pake, ndipo bajeti tinapangira limodzi pa mitengo yatsopanoyo. Ndinangoti, "Malume, nanga zithunzi zija?" Anati ankafuna ndisamade nkhawa kuchilendo.

Ambiri mudzafunsa chifukwa chake sindinapite nawo kupolisi kapena kwa amfumu. Amayi anandigwira mkono usiku womwewo: "Mwana wanga, ndi mlongo wanga yekhayo, ndiye mwini mbumba. Ndikamwalira adzandiika ndani?" Munthu wodwala chonchija ukanamuyankha chiyani? Ndinawalonjeza, ndipo lonjezolo ndikulisunga. Koma sindinalonjeze kuti sindidzalemba.

Zikomo mayi a ku Blantyre amene munandilangiza kuti ndizigula ndekha simenti n'kumalipira mmisiri akamaliza gawo lililonse. Ndi mmene ndikuchitira, ndipo tafika pa lintala.

Malume, ndikudziwa kuti mwana wanu amakuwerengerani izi. Njinga zamoto ziwiri zikuchita kabaza pa Mponela zija ndinaziona, ndipo anyamata oyendetsawo anandiuza okha mwini wake. Gawo likubwerali ndikuuzani zomwe zinachitika pa msonkhano wa banja.