Dziwe la ku Harare lilibe doko la amuna kapena la akazi

Basi ya ku Harare imanyamuka ku Blantyre m'mawa, ndipo tsiku lonse limathera pamsewu ndi pazipata: Mwanza ndi Zobue, kutentha kwa ku Tete powoloka Zambezi, kenako Cuchamano ndi Nyamapanda. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 600, koma chodya nthawi ndi kudinditsa mapasipoti ndi kutsitsa katundu wa amayi a geni. Tinadutsa miyala ikuluikulu ya ku Mutoko dzuwa litapendeka, n'kufika pa Roadport, siteshoni ya mabasi ya mu Harare, kutada. Unali mwezi wa Okutobala, jakaranda atayala maluwa ake m'misewu yonse ya m'tauni.

Ndinapita kukaona azakhali ku Mufakose. Agogo athu aamuna anachoka ku Nkhotakota nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija cha 1953 mpaka 1963, n'kukapeza ntchito mumzindawu ukutchedwabe Salisbury. Anatchona. Bambo anga anatsala kumudzi ali khanda, azakhali anabadwira ku Salisbury konko kwa mayi wina. Mabanja otere ndi ambiri ku Mufakose, Mbare, Highfield ndi Dzivarasekwa. Ana awo amalankhula Chishona pamsewu koma akalowa kumpanda amabwerera ku Chichewa, chomwe chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a Zimbabwe a 2013.

Msuweni wanga, mwana wamkazi wa azakhali, ndi mphunzitsi wa kupulayimale. Anayamba kusambira ali kale mayi wa ana, msana utamuvuta, ndipo panopa amasambira moti ungaganize kuti anabadwira m'madzi. Atamva kuti ndinakulira kunyanja, anangoti, "Achemwali, mawa tilawirira limodzi." Harare ili ndi maiwe osambiramo odziwika: la Les Brown pafupi ndi Harare Gardens, la McDonald Park ku Avondale, la George Hartley ku Mbare, ndi lalikulu la ku Chitungwiza, tauni yoyandikana ndi mzindawu, lomwe linamangidwira masewera a All-Africa Games a 1995. Ife tinkapita ku lina laling'ono, la mamita 25, la kalabu ina kumpoto kwa mzinda, komwe umalipira pachipata n'kulowa.

Mu minibasi anandiphunzitsa malamulo, ndipo titafika sindinapeze ngakhale limodzi litalembedwa pakhoma. Dziwe limagawidwa ndi zingwe zoyandama kukhala njira zingapo: ya aliwiro, yapakati, ndi ya oyenda pang'onopang'ono. Pansi pa njira iliyonse anajambulapo mzere wakuda. Mukakhala awiri mutha kugawana, wina mbali iyi ya mzere, wina mbali inayo, aliyense osachoka kwake. Wachitatu akangolowa, nonse mumayamba kuzungulira mukutsata kumanzere, monga galimoto ziyendera pamsewu kuno ndi kwathu komwe. Usanalowe umakhala kaye m'mphepete, miyendo ili m'madzi, kuti omwe alimo akuone. Ukafuna kupuma umadzipanikiza pangodya, pakati pa khoma n'kusiyira otembenuka. Sunyamuka pamene waliwiro kuposa iwe watsala pang'ono kufika. Umamulola atsogole, n'kudikira masekondi asanu. Ndiye pali lamulo lomwe limabala mikangano: wina akakupeza, amakukhudza phazi kamodzi, iwe umapitiriza mpaka pakhoma, kuima pangodya, iye n'kudutsa.

Harare ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe nyanja yathu ili pamamita osakwana 500, choncho mlendo phuma limamuthera msanga. Ndinalowa njira yapakati. Madzi a m'dziwe alibe mafunde, alibe mwera, koma ali ndi anthu, ndipo maso ako sachoka pa mapazi a amene ali kutsogolo.

Msuweni analowa njira ya aliwiro. Munali kale amuna awiri: mnyamata wina woonda wosambira mwakachetechete, ndi bambo wa zaka za m'ma 50, wamapewa otambalala, yemwe ankamenya madzi mwamphamvu mpaka thovu kufika kwathu, ngakhale liwiro lake silinkafanana ndi phokosolo. Posakhalitsa msuweni anamupeza n'kumukhudza phazi. Bamboyo anangoti wamva dzanjalo, n'kuyamba kupalasa ngati walumidwa, kufika pakhoma, kutembenuka osapatuka. Atafika pakati mphamvu zinamuthera, msuweni n'kumupezanso. Zinachitika choncho mobwerezabwereza. Msuweni atayesa kumudutsa pakati pa njira, bamboyo anasendera pamzere wakuda n'kusintha kasambiridwe, kuyamba kutambasula miyendo mwa chule, ndipo chidendene chake chinamenya msuweni paphewa.

Ine ndinali nditaima pangodya ndikubweza mpweya, ndiye ndinaona china chomwe chinandipweteka kuposa chidendenecho. Mnyamata woonda uja atamupeza bamboyo n'kumukhudza phazi chimodzimodzi, bamboyo anafika pakhoma, kuima pangodya, kumugwedezera mutu, mnyamatayo n'kudutsa. Lamulolo ankalidziwa bwino lomwe.

Kumbali yosazama mawu anakwera, m'Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo msuweni anandimasulira pambuyo pake. Bamboyo ankati mayi waulemu sagwira phazi la mwamuna wa eni, ndipo ngati wabwera kudzasewera apite kunjira yakumapeto komwe kuli amayi anzake. Woyang'anira dziwe, mnyamata wa wezulo m'khosi, anabwera, kuyang'ana uku ndi uku, n'kupempha msuweni mwaulemu wonse kuti asamukire njira yapakati kuti pakhale mtendere. Anabwera kwathu. Tinakhala asanu m'njira imodzi, iye akusambira theka la mphamvu zake kuti asatigunde, njira ya aliwiro muli anthu awiri okha.

Madzulo nkhaniyi inafika pansima, ndipo inatenga nthawi kuposa ndiwo. Alamu, amuna a msuweni, nawonso amasambira Loweruka. Sanaikire kumbuyo bamboyo, koma anati, "Alamu, musatiike tonse m'thumba limodzi. Ine mayi ndikamupeza m'madzi sindimukhudza, olo pang'ono. Magalasi achita nkhungu, dzanja ukuti lifike paphazi lakafika pakatumba kapena pantchafu, iye n'kukuwa. Dzina langa lathera pomwepo. Ndi bwino nditsalire kumbuyo kwake mpaka nditatopa." Anadandaulanso za amayi omwe amaima atatu pakhoma n'kumacheza, otembenuka n'kusowa poponda, ndi ena osambira awiri mogundizana mapewa, mitu ili pamwamba, nkhani ili mkati.

Mantha a alamu ndi enieni, ndipo sindinawapepuse. Ife tinaleredwa kuti thupi la mkazi wa mwini silikhudzidwa, ndipo lamulo lokhudza phazili linachokera kwa anthu a mipikisano omwe anazolowerana kuyambira ali ana. Amayi ocheza pakhoma ndinawaonanso ndi maso anga. Koma ndinaonanso amuna okhala m'mphepete, miyendo m'madzi, osasambira, maso ali pa aliyense wamkazi wotuluka pamakwerero, mpaka mtsikana wina anadikira mnzake amubweretsere chitenje asanatuluke. Ndipo amayi ocheza aja ukawapempha amasendera. Bambo uja anapemphedwa m'njira yomwe dziwe limapemphera, n'kukana.

Azakhali anamvetsera zonse ali phee. Iwo sanalowepo m'dziwe chibadwire. Ali mtsikana, maiwe a m'tauni anali a azungu, ndipo ngakhale ku Mbare kunali la anthu akuda, agogo sankalola mwana wamkazi kukaonetsa miyendo pamaso pa amuna. "Ana inu mukuvutika ndi zinthu zoti makolo anakonza kale," anatero. "Kwa atate anga kuli doko la amuna, kuli doko la akazi. Auzeni a dziwewo apatule nthawi ya amayi, nkhani yatha."

"Zoona, azakhali," ndinayankha, chifukwa madokowo ndinakulira pomwepo. La akazi linali pafupi ndi bango, pomwe tinkatsukira mbale ndi kuchapa. La amuna linali cha uko kumabwato. Mwamuna akafuna kudutsa kufupi ndi kwathu ankaima patali n'kupempha njira mokweza, ndipo sankasuntha mpaka amayi atadzifunda n'kumuyankha. Azakhali amakumbukira kupatukana. Ine chomwe ndimakumbukira ndi mwamuna wamkulu, mwina nduna ya mfumu, ataima padzuwa ndi nkhafi paphewa, kudikira kuti atsikana amulole. Palibe ankati wachepa chifukwa chodikira. Khalidwe limenelo ndi lomwe linasowa m'dziwe lija.

Komanso doko la akazi linali ndi mtengo wake, womwe sitiukamba kawirikawiri. Madzi ake ankalekeza m'chiuno. Atsikana tinkapita ndi mapoto, ndi mwana kumsana, pomwe anyamata ankatsata mabwato mpaka kozama. N'chifukwa chake ndikudziwa amayi ambiri obadwira m'mphepete mwa nyanja omwe sadziwa kusambira, chonsecho ndi omwewo amakwera bwato ndi ana popita kumsika kapena kuchipatala. Ine ndinaphunzira chifukwa achimwene ankanditenga mobisa kukandisiya pomwe phazi silifika pansi. Ndikamva kuti yankho ndi kupatula amayi, ndimafunsa kaye kuti akapatulidwa apatsidwa madzi otani.

Sindikutsutsa nthawi ya amayi okha. Kwa amene akuyamba kumene ndipo akuchita manyazi, kwa amayi achisilamu omwe ndi ambiri pakati pa anthu akwathu ku Harare, kwa azakhali omwe atafuna kuyesa, nthawi yotero ingatsegule chitseko chomwe chakhala chotseka. Koma siyankha vuto la msuweni. Iye sanachite manyazi, sanapemphe kubisidwa. Analipira pachipata ndalama yofanana ndi ya bamboyo, ali ndi liwiro lomuposa, ndipo njira ya aliwiro ndi ya aliwiro.

Apa msuweni anaika mbale pansi n'kuwerengera amuna ake pazala. Zimbabwe ili ndi mamendulo 8 a Olympics, kufikira masewera a ku Paris a 2024. Imodzi ndi yagolide ya timu ya amayi ya hockey ku Moscow mu 1980. Ena 7 ndi a Kirsty Coventry, wobadwira mu Harare momwemo mu 1983, yemwe anawapata ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008, awiri mwa iwo agolide pa kusambira chagada mamita 200. Mu 2025 anasankhidwa kutsogolera International Olympic Committee, bungwe loyendetsa masewera a Olympics, mkazi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa pa mpandowo. "Palibe mwamuna wa dziko lino anabweretsapo mendulo ya Olympics," anatero msuweni, "koma ine ndisamuke njira chifukwa ndine mkazi?" Alamu anaseka n'kukweza manja, azakhali n'kupukusa mutu, koma ndinaona kuti dzina la Coventry akulidziwa bwino.

Kwa alamu ndinanena zomwe ndinaona ndili m'madzimo. Kukhudzana phazi sikufunika konse ngati wakutsogolo akuyang'ana. Dziwe la mamita 25 umatembenuka pafupipafupi, ndipo potembenuka paliponse nkhope yako imaloza komwe wachokera, umaona bwinobwino amene ali pamapazi ako. Ukamuona kawiri ali pomwepo, wadziwa kuti akukuposa. Ima pangodya, adutse, palibe dzanja lafika pa munthu. Dzanja limatambasulidwa pokhapokha wakutsogolo akuchita ngati sakuona. Ndiye mwamuna woopa kukhudza mayi angathe kudikira pakhoma n'kupempha ndi pakamwa kuti atsogole, ndipo mayi wopezedwa apatuke osadikira kupemphedwa. Mwamuna wopezedwa ndi mayi achite chimodzimodzi. Mbali yomalizayi ndi yomwe imavuta, ndipo woyang'anira dziwe akasamutsa mayi pofuna mtendere, amaphunzitsa aliyense woonerera kuti wokuwa kwambiri ndiye mwini njira.

Mlendo ndi mame, sindikanatha kukonza za eni. Koma msuweni sanazisiye. Anakambirana ndi amayi ena omwe amakumana nawo m'mawa, n'kulemba kalata yopita ku komiti ya kalabuyo. Sanadandaule za munthu. Anapempha kuti kumapeto kwa njira iliyonse kuikidwe chikwangwani chonena nthawi, kuti wotha mamita 50 m'nthawi yakuti alowe umu, wopitirira apo alowe umo, ndipo pakabuka mkangano woweruza akhale wotchi ya pakhoma ija, osati maso a woyang'anira. Anapemphanso kuti malamulo ozungulira ndi opatuka alembedwe m'Chishona ndi m'Chingerezi pomwe aliyense angawerenge asanavule nsapato. Alamu anasainira nawo, komanso mnyamata woonda uja.

Ndinakwera basi yobwerera yankho lisanabwere. Nditafika ku Blantyre msuweni ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti akomiti ati akambirana pamsonkhano wotsatira. Iye akulowabe njira ya aliwiro. Bambo uja anadandaulanso, woyang'anira n'kubweranso ndi pempho lake laulemu, koma ulendo uno msuweni sanatuluke. Analoza wotchi ya pakhoma n'kumuuza kuti awayese onse awiri mamita 100, wotsalira ndiye asamuke. Bamboyo anakana kuyesedwa, ndipo tsiku limenelo onse anasambira m'njira yomweyo mpaka nthawi yotsekera.