Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Lupu Imene Tinkati Inagwa

M'gawo lapitalo ndinalekezera pa kubadwa kwa mwana wanga wachiwiri, ndipo tsopano ndafika pa nkhani imene ndakhala ndikuzengereza kuilemba. Patatha milungu 6 chibadwire mwanayo, ndinapita kuchipatala kukaikitsa lupu, ya mkuwa ija yooneka ngati chilembo T, imene imatha kukhala m'chiberekero zaka 10. Poiika ndinamva ululu wobaya umene unakhalitsa masiku angapo, koma ndinkangoti n'zotsalira za uchembere.

Patapita miyezi, tizingwe ta lupuyo sitinkamvekanso ndikafufuza ndi chala monga anatiphunzitsira. Anamwino atayang'ana osationa anangoti, "Mayi, imeneyi inagwa nthawi ya msambo inu osazindikira." Chaka chotsatira ndinatenga pakati, ndipo tonse tinakhulupirira kuti inagwadi. Palibe amene anaganiza zondijambula.

Zaka 4 zitadutsa, ndinayamba kumva kupweteka kumunsi kwa mimba, cha kumanzere. Mlungu wina ndinkadzimbidwa, mlungu wina ndinkatsegula m'mimba, ndipo nthawi zina m'chimbudzi munkaoneka timagazi. Ndinamwa mankhwala a kamwazi, ndinamwanso a njoka zam'mimba, koma sizinaphule kanthu, moti apongozi anga anayamba kukamba zokaombeza, poti matenda osamva mankhwala kwathu kuno sasowa mwini wake. Usiku wina mimba inatupa ndi kuuma ngati ng'oma, ndinkasanza kosalekeza, ndipo ngakhale mpweya sunkatuluka. Amuna anga anati, "Amake mwana, izi sizodikira kucha," nathamangira kukapempha galimoto kwa anansi.

Kuchipatala chachikulu anandipanga sikani ndipo m'chiberekero munalibe kanthu, koma atandijambula X-ray, chilembo T chija chinaonekera poyera, chitagona chopingasa kunja kwa chiberekero. Adokotala anandifotokozera modekha kuti lupu imatha kuboola chiberekero, kawirikawiri pa nthawi yoiika, ndipo zimenezi zimachitikira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 1,000 alionse. Anati chiopsezo chimakulirapo kwa mayi woyamwitsa amene wangobereka kumene, monga ndinalili ine, chifukwa chiberekero chimakhala chikadali chofewa. Ikatulukira m'mimba, mkuwa umatupitsa minofu yoyandikana nayo, ziwalo zimamatirirana, ndipo lupuyo imatha kudya pang'onopang'ono khoma la matumbo kapena la chikhodzodzo. Yangayo inakalowa mwendo umodzi m'matumbo aakulu, chakumapeto kwake, ndipo zipsera zozungulira pamenepo ndi zimene zinatseka njira.

M'mawa mwake anandichita opaleshoni. Anadula kachigawo ka matumbo kamene kanawonongeka ndi kulumikiza mbali zotsalazo, ndipo ndinakhala masiku angapo pa diripi ndisanaloledwe ngakhale phala lamadzimadzi. Lupu yeniyeniyo sindiida, pakuti mng'ono wanga wakhala nayo zaka zambiri popanda vuto. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mawu aja akuti inagwa, amene ananenedwa mopepuka pomwe X-ray imodzi yokha ikanasonyeza pamene inali, isanakhudze matumbo.

Tsiku lotuluka, anamwino a m'wodi anandionetsa lupuyo ili m'kabotolo, yakuda bii, tizingwe take tikadalipo. Apongozi anga anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati angaitenge kuti akaonetse anthu kumudzi.