Mmene apongozi anandipezera kunsi kwa sofa

Popeza mlamu wanga wayamba kale kufalitsa nkhaniyi mothira mchere, ndi bwino muimve kuchokera kwa mwiniwake. N'zoona kuti apongozi anandipeza nditagona chafufumimba, mutu ndi phewa zitapanikizika kunsi kwa sofa, miyendo yokha ili kunja ngati makaniko amene akukonza lole. Koma zoti ndinkalira ngati injini ndi bodza lamkunkhuniza. Ndinkangong'ung'udza pang'ono, monga amachitira munthu aliyense woganiza mozama.

Chimene ndinkafuna kumeneko chinali kagalimoto kachidole ka Hot Wheels ka sikelo ya 1:64 (kutanthauza kochepa maulendo 64 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni), kamene ndinangokakhudza ndi chala pofuna kuona ngati matayala ake akuzungulira bwino. Amene amatolera timagalimoto tachitsulo akudziwa kuti kuyambira mu 1968 timeneti timakhala ndi tiwaya topyapyala tolumikiza matayala kuti tizithamanga kwambiri, choncho kanga kanadutsa chipinda chonse, n'kulowa kunsi kwa sofa, n'kukaima kukhoma kwenikweni.

Apongozi anaima kanthawi, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, mwataya chiyani kumeneko?" Ndinayankha kuti, "Galimoto, amayi," ndipo chete amene anatsatira sindidzamuiwala.

Kenako ndinamva mapazi awo akulowera kukhoma kumene ndimapachika timagalimoto tosatsegula. Mwa tonse timene tinali pamenepo, dzanja lawo linasankha ka Super Treasure Hunt, mtundu wosowa uja umene unayamba kutuluka mu 2007, wa matayala a rabala ndi penti yonyezimira, umene otolera amaufunafuna mpaka kutha nsapato. Mtengo wa kagalimoto kotere uli pa kakatoni ndi pulasitiki yake, moti ukangokatsegula, watsika pomwepo.

Phokoso la pulasitiki yosiyana ndi katoni ndinalimva ndi thupi lonse. Silinali lachangu ayi, chifukwa apongozi ndi munthu wodekha. Anayamba ndi ngodya imodzi, n'kupuma, n'kupukuta magalasi awo, kenako n'kupitiriza pang'onopang'ono, kweee, pamene ine ndinkapalasa miyendo m'mwamba, kukuwa kwanga konse kukuthera m'fumbi ndi m'siponji ya sofa. Ndikukhulupirira kuti iwo ankaganiza kuti ndikuwathokoza.

Atamaliza anagwada movutikira, ndi mawondo awo odwalawo, n'kukankhira kagalimotoko kunsi kwa sofa mpaka kanandigunda pamphuno. "Musavutike, bambo, sewerani ndi aka. Muli nato tambiri."

Amene mukuseka, ndiuzeni chimene mwamuna waulemu akanayankha pamenepo. Ine ndinati, "Zikomo kwambiri, amayi," ndipo ndinakhalabe kunsiko mpaka mkazi wanga ndi mlamu uja atanyamula sofa. Kagalimoto koyambako kanapezeka kali bwinobwino, pamodzi ndi supuni ndi batire la rimoti. Kakatoni kong'ambikako ndinayesa kukamata ndi guluu, koma kakuonekabe.