Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Kalembedwe ka Madala pa Fyuluta

Pepani ndakhala chete masabata atatu. Sikuti ndimadwala monga ena mumaganizira. Gawo ili ndi limene ndakhala ndikulizemba chiyambireni kulemba mbiriyi. Zikomo mlongo wathu wa ku Leeds amene simutopa kufunsa kuti Madala aja anathera kuti, zikomonso achimwene a ku Joni pondikumbutsa kuti ndinalonjeza.

Inu amene mukufunsabe za ndege imene inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024, ija inatitengera a Saulos Chilima ndi anthu ena 8, ndikuyankheni kamodzi. Inali ndege ya asilikali. Pangano la ku Chicago la 1944, lomwe ndi tsinde la malamulo amene ife oyendera ndege tinkagwirira ntchito, silikhudza ndege za asilikali, za apolisi ndi za kasitomu. Ife athu anali ndege wamba. Ndinalira ngati Mmalawi wina aliyense, koma ndemanga sindithirapo.

Madala mukuwadziwa kuchokera m'gawo 6. Ndi amene anandilandira mu hangala, nyumba yokonzeramo ndege, ku Chileka ndili kamnyamata kongochoka ku Poly, n'kundiphunzitsa kupota waya wa loko, waya uja timamangira mabawuti kuti asamasuke ndi kunjenjemera kwa injini. Ndikapota mokhota ankadula osanena kanthu, n'kundipatsa wina. Ankati, "Iwe, siginecha yako ikunyamula anthu amene sudzawaona nkhope." Pa ukwati wathu anali tcheyamani wa komiti, ndipo mwana wathu woyamba anamunyamula asanakwane sabata.

Kenako ndinalowa m'boma kukhala woyendera ndege, ndinakaphunzira ku Nairobi, ana anakula. Air Malawi inatsekedwa mu 2013, ndipo Madala, amene manja awo anasamala Kwacha, Boeing 737 ija, komanso Shire, ATR 42 ija, anapezeka ali pakhomo. Anayamba maganyu ku kakampani kena konyamula alendo kupita kunyanja ndi kumalo osungirako nyama. Dzina lake sindilitchula.

Unali mwezi wa October, kutentha kwa ku Chileka kuja kumene phula limachita kununkha. Ndinali pa ntchito yoyendera ndege mwadzidzidzi pabwalo. Panaima Cessna 206, ya injini imodzi, mipando isanu ndi umodzi, ikukonzekera ulendo wa ku Likoma. Alendo anayi anali pamthunzi ndi zikwama zawo. Mapepala onse anali bwino: kalembera wa ndege, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuuluka, inshuwalansi, laisensi ya payiloti ndi kalata yake ya dokotala. M'buku la ndege munalembedwa kuti sevisi ya maola 100 inachitika masiku atatu apitawo. Pansi pake panali siginecha ya Madala ndi nambala ya laisensi yawo, imene ndinkaidziwa pamtima kuposa yanga.

Ndinatsala pang'ono kubweza bukulo. Koma nditawerama ndinaona kumimba kwa ndege kuli mzere wa oyilo wogwirana ndi fumbi, wokhuthala. Madala sankatulutsa ndege mu sevisi osaitsuka. Ndinapempha payiloti kuti atsegule chivundikiro cha injini.

Amakanika a ndege zing'onozing'ono amalemba tsiku ndi maola a injini pa fyuluta ya oyilo akaiika yatsopano. Pa fyuluta imeneyo panali tsiku la miyezi isanu yapitayo. Nditawerengera ndi m'buku, inali itayenda maola oposa 130, pamene fyuluta yotere imasinthidwa pa maola 50. Waya wa loko unali wopotedwa bwino kwambiri, wolimba, wopindidwa kunsonga kuti usabaye munthu, koma utachita fumbi lakale. Ndipo kalembedwe kanali ka Madala, 7 wawo uja wokhala ndi kamzere pakati.

Inu amene simuli a ntchitoyi mumve chifukwa chake nkhaniyi si yaing'ono. Fyuluta yakale siingotayidwa. Imadulidwa, pepala la m'kati n'kulitambasula padzuwa kuti uone ngati muli tizidutswa tachitsulo. Tikapezeka, ndiye kuti injini yayamba kudzidya m'kati. Ndege ya injini imodzi ikazima pamwamba pa nyanja ilibe pothawira. Ndipo ngati fyuluta sinakhudzidwe, nanga mapulagi, nanga zingwe zowongolera, nanga mabuleki?

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pa chitsulo chotentha, osamva n'kupsa komwe. Palibe wina anaona. Payiloti anali mnyamata wamng'ono, ankangoyang'ana wotchi. Ndikanatha kunena kuti tsekani, n'kuwaimbira Madala madzulo kuti akonze mwakachetechete. Maganizo amenewo anandibwereradi, sindikubisirani, ndipo anakhala m'mutu mwanga mphindi zingapo. Kenako kamtsikana ka alendo aja kanabwera kudzasuzumira pawindo la ndege, kakudumphadumpha. Ndinatulutsa fomu. Cholembera chinkaterera ndi thukuta. Ndinalemba kuti ndegeyo isanyamuke.

Madzulo ndinapita ndekha kunyumba kwawo ku Chirimba. Ndinawapeza pakhonde, ngati ankandidikira. Sanakane kalikonse. Anati mwini kampani sanaitanitse zipangizo ku Johannesburg, ankangoti ndalama zakunja zikusowa. Iwowo anali asanalandire malipiro miyezi itatu. Anauzidwa kuti asaine kapena achoke. Mayi kunyumbako anali ndi matenda a shuga, mdzukulu anali atabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi.

"Mwana wanga, ndipatse masiku awiri. Ndikongola ndalama, ndichita sevisi yonse ndi manja angawa. Pepalalo ung'ambe."

"Madala, lalowa kale m'buku. Ndipo ndinu munandiphunzitsa."

"Ndikudziwa," anatero. Anayang'ana manja awo. "Ndikudziwa."

Mayi anabwera ndi beseni la madzi, anagwada, anaika nsima ndi chambiko pakati pathu. Sankadziwa kanthu. Anandifunsa za ana, ine n'kumayankha. Madzi osamba m'manja anazizira m'beseni. Nsima inauma pamwamba. Nditatsanzika, Madala anandiperekeza mpaka pamsewu monga mwa nthawi zonse, koma panjira yonseyo sitinalankhulane. Kameneko kanali komaliza kuyenda nawo limodzi.

Laisensi yawo inaimitsidwa, ndipo pa msinkhu wawo sanabwererenso mu hangala. Fyuluta ija itadulidwa inapezeka yoyera, mopanda kachitsulo ngakhale kamodzi. Apa ndi pamene pakamwa pa anthu panatsegukira. Inu bambo amene tinkakhala ofesi imodzi, ndikudziwa mumawerenga ngakhale simulemba ndemanga. Munauza anthu kuti ndinagulitsa mphunzitsi wanga pofuna ulendo wa ku Montreal ku ICAO, bungwe la dziko lonse loona za ndege wamba. Mpaka ndinapuma ntchito osapondako ku Montreal, ndipo inu mukudziwa. Munatinso ndinapha ntchito ya munthu pachabe poti injini inali bwino. Kuti inali bwino tinadziwa titadula fyuluta. M'mawa uja panalibe ankadziwa, ngakhale Madala amene.

Chimene ndimadziimba nacho mlandu ndi china. Mu lipoti langa, za malipiro a miyezi itatu ndi mawu oopseza aja ndinazilemba mzere umodzi wokha, poganiza kuti si mbali yanga. Ndikanayenera kudzaza tsamba. Mwini kampani anakonza ndege yake, anapeza injiniya wina, sabata zingapo anali akuulukanso. Katundu yense anagwera munthu mmodzi. Ndinayesa kutumiza kangachepe kudzera kwa mayi a ana anga, envulopu inabwerera yosatsegula.

Patatha zaka zinayi ndinamva uthenga wa maliro kudzera kwa mnzathu wakale wa mu hangala. Ndinapita kumudzi kwawo ku Chiradzulu, ndinakhala kumapeto kwenikweni kwa abambo, pansi pa mtengo wa mango, osafuna kuonekera. Amene ankandidziwa ankandipatsa moni wa m'maso okha. Pochokera kumanda, mdzukulu uja, atakula tsopano, anandipeza ndikutsegula galimoto. Anagwada, n'kundipatsa kanthu kokulungidwa m'kansalu kachitenje.

"Agogo aakazi akuti agogo anati mupatsidwe inu."

Inali pulayala yawo yopotera waya wa loko, ija ndinaphunzirira, chogwirira chake chitatha utoto pamene pankakhala chala chawo chachikulu. Ndinayang'ana kumene kunali amayi. Mayi anali pamphasa, atafunda kumutu, sanadzutse nkhope.

Ili mu dirowa ya tebulo limene ndikulemberali. Mayi a ana anafuna kuipukuta dzimbiri ndi palafini, ndinawapempha kuti aisiye momwemo.