Ola limodzi lomwe linatidyera tsiku lathunthu ku Zion

Ndabwerako, ntchafu zikadali kuwawa, koma ndiyambe ndi chomwe chinandipsetsa mtima: Utah ndi Nevada, zigawo ziwiri zoyandikana za ku America, sizili pa nthawi imodzi. Utah ili patsogolo ndi ola limodzi. Lembani penapake, kaya pachikhatho.

Ine ndi alamu anga tinkafuna kukwera Angels Landing, chimwala chofiira chomwe chili mu Zion National Park, kum'mwera chakumadzulo kwa Utah. Kuyambira pa 1 April 2022 sungangofika n'kuyamba kukwera. Gawo lomaliza, lija umayenda utagwira maunyolo, limafuna chilolezo, ndipo chilolezocho chimatuluka mwa maere pa tsamba la pa intaneti la Recreation.gov. Pali maere omwe umalembetsa kudakali miyezi, amenewo ife tinali titawaphonya kalekale. Tinatsala ndi aja olembetsa lero kuti ukwere mawa. Amatseka 3 koloko masana, zotsatira zimabwera pa imelo cha m'ma 4. Kulembetsa ndi madola 6 osabweza, kaya wachita mwayi kaya ayi, ndipo fomu imodzi imakwana anthu mpaka 6. Mwayi ukakugwera amawonjezera madola 3 pa munthu aliyense.

Ndiye tili ku Las Vegas, mu Nevada, tangotenga galimoto ya hayala, njala yatipota. Ine ndatulutsa foni kuti ndilembetse, alamu akuti, "Alamu, mwathamangiranji? Nthawi ilipo, tidye kaye." Wotchi ikuti 1:40. Tinadya mosatekeseka, mpaka kuitanitsanso zakumwa. Pomwe ndimatsegula fomu ija inali 2:20, ndipo inali itatsekedwa. Ndinayesa katatu, kuganiza kuti ndi netiweki. Ayi ndithu. 3 koloko yomwe amanena ndi ya ku Utah. Ku Las Vegas imeneyo ndi 2 koloko. Zinalembedwa bwinobwino patsambalo, ine ndi amene sindinawerenge, ndipo n'chifukwa chake zimandiwawa kwambiri, palibe woti ndimuloze chala kupatula alamu ndi mbale yawo ya nkhuku.

Tinanyamukabe. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 260, kutsata msewu wa I-15, womwe umadula kangodya ka Arizona m'chigwa cha Virgin River. M'chilimwe Arizona imakhala pa nthawi yofanana ndi Nevada, choncho foni inadzalumpha ola lija titalowa mu Utah, chakufupi ndi St. George. Ndinangoiyang'ana, osanena kanthu.

Tsopano za pogona. Tinali titalipira usiku umodzi wokha pa kamotelo kena kunja kwa Springdale, tauni yomwe ili pachipata cha paki, poti m'tauni mwenimwenimo mitengo ndi yoboola m'thumba. Nditapita kukapempha usiku wachiwiri, mayi wa pa kauntala anandiuza kuti chipinda chathu chatengedwa kale, chomwe chatsala ndi china, ndipo poti kunali kumapeto kwa sabata mtengo wake unali pafupifupi kawiri. Chipinda "china" chija chinali chofanana ndendende ndi choyamba, kungoti zenera lake linkayang'ana kumabini a zinyalala, ndipo makina oziziritsa ankalira ngati chigayo usiku wonse. Anatiuzanso kuti tituluke m'choyambacho pofika 11 koloko koma chatsopanocho tilowe 4 koloko, zikwama tidzionere tokha. Ndinalipira, nanga ndikanatani. Mukamakonza ulendowu ndipo mukudalira maere a tsiku limodzi, sungitsani pogona pa masiku awiri kapena atatu kuchokera pachiyambi, chifukwa ngakhale mutalembetsa pa nthawi yake mutha osasankhidwa.

M'mawa mwake ndinalembetsa ndisanasukusule n'komwe. Kenako tinalakwitsanso china: tinafika pachipata cha paki cha m'ma 10. Kulowa tinalipira madola 35 pa galimoto, zomwe zimagwira masiku 7, koma malo oimika galimoto anali atadzaza. Tinabwerera ku Springdale, kulipira malo oimika, n'kuyenda wapansi kukaima pamzere wa basi padzuwa. Miyezi yambiri pachaka galimoto yako siloledwa kulowa m'chigwa chachikulu cha pakiyi, umakwera mabasi a paki, aulere. Tsikulo tinangopita kumapeto kwa msewu n'kuyenda kanjira ka m'mbali mwa mtsinje mpaka pomwe The Narrows imayambira, pomwe anthu amalowa m'madzi ndi ndodo, makoma a mwala atawapana uku ndi uku. Kokongola, sindikana, koma mtima wanga unali pa imelo. Ndipo m'chigwamo netiweki kulibe. 4 koloko inakwana ndili kukweza foni m'mwamba ngati ndikudalitsa anthu. Uthenga unadzalowa basi itatsala pang'ono kufika kuchipata. Tinasankhidwa.

Izi zandikumbutsa: chilolezocho chijambuleni pafoni kapena chisindikizeni musanalowe m'chigwa, ndipo tengani chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu. Oyang'anira paki amafunsa, ndipo kumtundako simungatsegule imelo. Pofomu paja mumasankhanso nthawi yoyambira. Sankhani ya m'mawa. Dzuwa la kumeneko likakwera, mwala umatentha ngati chiwaya.

Tsiku lokwera tinali pamzere wa basi kusanache bwino. Mumatsikira pa The Grotto, siteji nambala 6. Dzazani mabotolo pomwepo, kutsogolo kulibe mpopi. Mukawoloka mlatho wa Virgin River njira imayamba mofatsa, kenako imakwera mokhotakhota pakhoma la mwala mpaka mumalowa mu Refrigerator Canyon, kampata kamthunzi kozizira bwino, komwe thukuta limauma n'kuyamba kudzinamiza kuti zovuta zatha. Pomwepo mumakumana ndi Walter's Wiggles, makhotolo 21 afupiafupi osanjikizana, omwe anamangidwa mu 1926. Ndinawerenga mpaka 14, kenako ndinasiya, mpweya unali ndi ntchito ina. Pamwamba pake ndi Scout Lookout. Mpaka apa chilolezo sichifunika, aliyense amafika.

Ulendo wonse, kupita ndi kubwera, ndi makilomita 8.7, kukwera mamita pafupifupi 450. Amene anakwerapo Sapitwa angaseke manambalawa. Koma chovuta si kutalika. Ndi kamsana ka mwala komwe kamayambira pa Scout Lookout, kopyapyala, phompho kumanja phompho kumanzere. Unyolo wake ndi wosalala, wonyezimira chifukwa cha manja a anthu, ndipo pamwalapo pamakhala timchenga tofiira tomwe timaterera pansi pa nsapato. Pena unyolo ndi umodzi, otsika ndi okwera mumagawana, ndiye umaima utaukumbatira kudikira munthu yemwe miyendo ikunjenjemera kuti adutse. Osavala nsapato zosalala kunsi. Manja onse akhale opanda kanthu, foni m'chikwama. Pamwamba penipeni ndinakhala pansi, mtsinje ukuoneka ngati kaulusi, mabasi aja ngati mabokosi a machesi, ndipo kagologolo kamizeremizere kanali katalowetsa kale mutu m'chikwama changa kufuna mtedza.

Ndinali ndekha pamwambapo. Alamu, omwe aja a "tidye kaye", atangoona unyolo woyamba anavula chipewa, kukhala pamwala, n'kunena kuti, "Alamu, pitani, ine ndili ndi ana." Ndinawapeza pomwepo patatha maola awiri, atamaliza masangweji anga. Madola 3 a chilolezo chawo ndawauza kuti andibwezere, pamodzi ndi theka la chipinda choyang'ana kumabini chija. Mpaka lero akuti tikambirana.

Ndipo ngati mukulembetsa muli ku Las Vegas, 2 koloko ndiye kuti kwatha.